Chiphe cha Mankhwala Ophera Tizirombo: Vuto la Umoyo wa Mudzi Wonse

Phunziro la alangizi a zaulimi

M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene thonje lafika pofuna kupopera ndipo mbozi zalowa m'chimanga, zipatala zazing'ono za kumidzi zimalandira anthu ambiri odandaula mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka kwa thupi. Popeza imeneyi ndiyo nyengo ya malungo, wodwala amayezedwa magazi, ndipo akapezeka kuti alibe malungo amapatsidwa mankhwala opha ululu nabwerera kwawo. Kawirikawiri safunsidwa ntchito imene wagwira dzulo ndi dzana. Chonsecho ena mwa odwalawa amakhala atachoka kumunda kumene aswera atabereka sipuleya yodontha kumsana.

Phunziro lino likufotokoza mmene chiphe cha mankhwala ophera tizirombo chimalowera m'thupi, anthu amene chimawavulaza, zizindikiro zake ndi chithandizo choyamba. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti ngozi zambiri zimayambira pa mtundu wa mankhwala amene alowa m'mudzi, mlimi asanatsegule n'komwe botolo. Mlangizi wa zaulimi ndiye amauza alimi chogula ndi nthawi yopopera, motero moyo wa anthu a m'dera lake uli m'manja mwake monga momwe uliri m'manja mwa ogwira ntchito kuchipatala.

1. Kukula kwa vuto ndi kubisika kwake

M'chaka cha 1990 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidayerekeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 3 miliyoni amadwala kwambiri ndi chiphe cha mankhwalawa, ndipo 220,000 amamwalira. Ambiri mwa omwalirawo adali ochita kumwa mankhwalawo mwadala. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2017 adaonetsa kuti imfa za mtundu umenewu zokha zimakwana pakati pa 110,000 ndi 168,000 pa chaka, ndipo zochuluka zimachitika m'madera a ulimi a mayiko osauka.

Ziwerengero zotere zimachokera makamaka m'mabuku a zipatala, ndipo mabukuwo amangolemba anthu amene afikako. Ku South Africa lamulo limakakamiza ogwira ntchito zachipatala kupereka lipoti la munthu aliyense wodwala ndi mankhwala ophera tizirombo. Komabe Leslie London wa pa yunivesite ya Cape Town ndi mnzake Ross Bailie atachita kalondolondo m'dera lina la minda ku Western Cape, chiwerengero cha odwala chidakwera pafupifupi ka 10 kuposa chimene malipoti a masiku onse ankaonetsa. Zotsatira zawo, zimene zidasindikizidwa mu 2001, zidasonyezanso kuti malipotiwo ankasiya kunja amayi ambiri ndiponso anthu ovulala pa ntchito. Ngati zidatero m'dziko lokhala ndi lamulo la malipoti, m'madera mmene mulibe dongosolo lotere obisika ayenera kukhala ochuluka koposa.

Zifukwa zake n'zodziwika kwa mlangizi aliyense. Chipatala chili kutali ndipo ntchito ya kumunda siidikira. Zizindikiro zoyamba zimafanana ndi za malungo kapena kutopa wamba. Waganyu ndi tenanti amaopa kuti akadandaula achotsedwa ntchito. Banja limene m'bale wawo wamwa mankhwala limabisa chifukwa cha manyazi. Koposa zonse, alimi ambiri adazolowera kudwala akatha kupopera, namati walira mvula walira matope, ndipo ena amaona mutu ndi chizungulire ngati umboni wakuti mankhwala amene agula ndi enieni. Maganizo amenewa ndiwo oyamba kuwongoledwa, pakuti mutu wobwera pambuyo popopera ndi chizindikiro chakuti chiphe chalowa kale m'magazi.

2. Njira zimene chiphe chimalowera m'thupi

Njira ndi zinayi: pakhungu, pakamwa, m'mphuno ndi m'maso. Kwa munthu wopopera, njira yaikulu ndi khungu, ngakhale alimi ambiri amaopa fungo lokha namanga kansalu kumphuno uku miyendo ndi msana zili zonyowa. Khungu silimwa mankhwala mofanana paliponse. Ofufuza a ku America mu 1971 adapaka mankhwala a parathion pa malo osiyanasiyana a thupi, ndipo adapeza kuti pamkono pamalowa magawo pafupifupi 9 pa 100 aliwonse, pamphumi magawo 36, pamene pa khungu la kumalo obisika a mwamuna amalowa pafupifupi onse. Ichi ndicho chifukwa chake kupukuta thukuta pamphumi ndi dzanja lonyowa, kutaya madzi osasamba m'manja, ndi kukhalitsa ndi buluku lonyowa zili zoopsa. Kutentha kwa dzuwa, thukuta ndi zilonda zimafulumizitsa kulowa kwa chiphe.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi yosakaniza, chifukwa mankhwala amakhala asanasungunulidwe ndi madzi. Dontho limodzi lochokera m'botolo limakhala ndi mphamvu yoposa kutali madzi a mu sipuleya. Alimi ena amayezera pa chivindikiro cha botolo, navundula ndi dzanja kapena ndi kamtengo kakafupi. Kabowo kotulukira mankhwala kakatsekeka, amakauzira ndi pakamwa. Ena osowa sipuleya amawaza ndi tsache kapena masamba kuchokera m'ndowa. Popopera thonje lalitali munthu amayenda m'kati mwa masamba amene wangonyowetsa kumene. Kusuta fodya, kudya mango kapena kumwa thobwa m'munda osasamba m'manja kumatengera chiphe chomwecho pakamwa.

3. Ovulala si opopera okha

Maphunziro ambiri a kasamalidwe ka mankhwala amaitana abambo, poganiza kuti ndiwo amapopera. Koma amayi ndiwo amatunga madzi osakanizira, amapalira ndi kuthyola ndiwo m'munda wopoperedwa kumene, nachapanso zovala za wopopera, nthawi zina pamodzi ndi zovala za ana. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amagawana chiphecho ndi mwana wake. Ana nawo thupi lawo ndi laling'ono, kotero mlingo umene ungangodwalitsa wamkulu ukhoza kupha mwana.

Njira zina zimafika mpaka pa mbale ya chakudya. Pa lebulo la mankhwala alionse pamalembedwa masiku oyenera kudikira kuchokera popopera kufikira pokolola, koma wolima tomato, kabichi kapena repu m'dimba akaona mtengo wakwera pamsika amathyola masikuwo asanakwane. Mankhwala a thonje kapena a fodya akatsala amathiridwa pa ndiwo zamasamba, m'chimanga chosunga, ngakhalenso m'madzi pofuna kupha nsomba. Zigubu zotha zimasanduka zotungira madzi, zosungira mchere, mafuta ophikira kapena mowa. Mapiritsi ofukizira mbewu a aluminium phosphide, amene ntchito yake ndi ya anthu ophunzitsidwa m'nyumba zosungira katundu, amaikidwa m'matumba a chimanga m'chipinda chogona, ndipo mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Palinso malonda ogawa mankhwala m'timabotolo ta zakumwa ndi m'timapepala topanda dzina, ogulitsidwa ngati ophera makoswe, mphemvu ndi nsikidzi. Ambiri mwa iwo ndi mankhwala a kumunda oopsa kwambiri monga aldicarb, amene ankagulitsidwa ndi dzina la Temik ndipo ku Malawi amatchedwa tameki. M'mwezi wa Okutobala 2024 ana 6 a ku Naledi ku Soweto adamwalira, ndipo unduna wa zaumoyo wa South Africa udalengeza kuti chidawapha ndi terbufos, mankhwala othira m'nthaka amene adali atafika m'misewu ya m'tauni. Mu Juni 2025 nduna za boma la dzikolo zidavomereza kuti mankhwalawa aletsedwe.

Gulu lomaliza ndi la anthu omwa mankhwala mwadala chifukwa cha ngongole, kukanika kwa mbewu kapena mkangano wa m'banja. Kafukufuku wa ku Sri Lanka adapeza kuti oposa theka la anthu otere adaganiza zochita zimenezi kwa nthawi yosakwana mphindi 30. Ambiri mwa opulumuka sabwerezanso. Tsono chimene chimalekanitsa moyo ndi imfa pa mphindi yovutayo ndi ukali wa mankhwala amene ali pafupi.

4. Magulu a mankhwala ndi zizindikiro zake

Gulu la organophosphate, monga dimethoate, chlorpyrifos, profenofos, dichlorvos, monocrotophos ndi terbufos, pamodzi ndi gulu la carbamate, monga carbaryl, methomyl, carbofuran ndi aldicarb, amagwira thupi m'njira imodzi. Mitsempha imatumiza uthenga ku minofu pogwiritsa ntchito kanthu kotchedwa acetylcholine, ndipo uthengawo ukafika, kanthu kena kotchedwa cholinesterase kamaufafaniza kuti mnofu upumule. Mankhwalawa amamanga cholinesterase, kotero uthenga umangopitirira osaleka. Zotsatira zake ndi dovu, thukuta lambiri, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, kunjenjemera kwa minofu, kuona mwachimbuuzi, ndi kuchepa kwa mwana wa diso mpaka kukhala ngati kansonga ka singano. Chimene chimapha ndi kukanika kupuma, pakuti m'mapapo mumadzaza madzi ndipo minofu yopumira imafooka. Kuchipatala amabaya atropine mobwerezabwereza kufikira m'chifuwa mutauma. Wodwala wa organophosphate akhoza kuoneka ngati wachira, kenaka n'kufookanso khosi ndi kupuma patapita tsiku 1 mpaka masiku 4, motero asafulumire kutuluka m'chipatala.

Gulu la pyrethroid, monga cypermethrin, deltamethrin ndi lambda-cyhalothrin, limayabwitsa ndi kuwotcha khungu, makamaka kumaso, ndipo limayetsemulitsa. Silipha kawirikawiri pokhapokha munthu atamwa. Endosulfan, amene kale ankagwiritsidwa ntchito kwambiri pa thonje, amagwetsa munthu ngati wakhunyu. Paraquat, wophera udzu, amawotcha m'kamwa ndi kum'mero, naononga impso ndi mapapo m'masiku otsatira, ndipo alibe mankhwala othetsa mphamvu yake. Mpweya wa mapiritsi ofukizira nawonso ulibe.

Alangizi a m'madera a fodya adziwenso matenda a fodya wamuwisi. Munthu wothyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula amamwa nikotini kupyolera pakhungu, nayamba nseru, kusanza ndi chizungulire. Popeza zizindikirozi zimafanana ndi za organophosphate, nkofunika kuuza achipatala ntchito yeniyeni imene wodwala amagwira.

Pali kuvulala kwina kosaoneka msanga. Dziko la France mu 2012 lidavomereza matenda onjenjemeretsa a Parkinson kukhala matenda obwera ndi ntchito kwa alimi amene akhala zaka zambiri akugwira mankhwalawa. Mayiko a mu European Union adaleka kulola chlorpyrifos mu 2020, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali nkhawa ya kakulidwe ka ubongo wa ana. Mlimi amene sadagwepo m'munda asaganize kuti thupi lake lazolowera.

5. Chithandizo choyamba

Wothandiza ayambe wadziteteza yekha ndi magolovesi kapena majumbo a pulasitiki m'manja, kenaka achite izi:

(a) Achotse wodwala pamalo a mankhwala ndi kumuika pa mpweya wabwino.

(b) Amuvule zovala zonyowa ndi kumusambitsa thupi lonse ndi madzi ambiri ndi sopo, osaiwala tsitsi ndi m'zikhadabo.

(c) Ngati mankhwala alowa m'maso, atsuke ndi madzi oyera oyenderera kwa mphindi zosachepera 15.

(d) Ngati wodwala wakomoka, amugoneke chammbali mutu utatsika pang'ono, kuti dovu ndi masanzi zituluke osalowa m'mapapo. Pa njinga, pa ngolo kapena pa galimoto agonekedwe chimodzimodzi.

(e) Apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, atatenga botolo, paketi kapena lebulo la mankhwalawo m'jumbo yomanga bwino. Chithunzi cha lebulo chojambulidwa pa foni chimathandizanso.

Pali zizolowezi zimene ziyenera kuletsedwa poyera pa misonkhano ya alimi. Wodwala asasanzitsidwe ndi madzi a mchere, a sopo kapena chala, pakuti mankhwala ambiri amasungunulidwa m'mafuta onga parafini amene akalowa m'mapapo amaononga koposa. Asamwetsedwe mkaka, mafuta ophikira, mazira kapena mowa. Chikhulupiriro chakuti mkaka umapha chiphe chafala m'mayiko onse a chigawo chino, koma mkaka ulibe mphamvu imeneyo, ndipo nthawi yotayika poufunafuna ndiyo nthawi yofikira kuchipatala. Munthu wokomoka asapatsidwe chilichonse pakamwa.

6. Chifukwa chake zovala zodzitetezera sizikwanira

Kwa zaka zambiri uthenga wa alangizi wakhala wakuti mlimi avale ovolosi, jombo, magolovesi ndi chophimba kumaso. Uthengawu ndi woona, koma mlimi wa ekala imodzi kawirikawiri alibe ndalama zogulira zonsezi, m'sitolo ya kwawo sizipezeka, ndipo kuchigwa cha Shire, cha Luangwa kapena cha Zambezi kutentha kwa nthawi ya dzinja sikulola munthu kuswera m'zovala zotere. Malamulo a kayendetsedwe ka mankhwala amene bungwe la FAO lidakhazikitsa mu 1985, ndi kuwakonzanso kotsiriza mu 2013, amavomereza zimenezi. Amati mankhwala ofuna zovala zodula, zosowa kapena zosautsa kuvala apewedwe, makamaka kwa alimi ang'onoang'ono a m'mayiko otentha.

Umboni womveka bwino udachokera ku Sri Lanka. Dzikolo lidaletsa parathion mu 1984, monocrotophos ndi methamidophos mu 1995, endosulfan mu 1998, ndipo pakati pa 2008 ndi 2011 lidachotsa dimethoate, fenthion ndi paraquat. Pakati pa 1995 ndi 2015 imfa zodzipha zidatsika ndi magawo pafupifupi 70 pa 100, ndipo ofufuza adayerekeza kuti miyoyo 93,000 idapulumuka. Zokolola sizidatsike chifukwa cha kuletsako, popeza alimi adatembenukira ku mankhwala ena osaopsa kwambiri. M'dziko lomwelo adayesanso kugawa zigubu zokhoma zosungiramo mankhwala m'midzi, pa kafukufuku wokhudza midzi 180 ndi mabanja oposa 53,000. Zotsatira zimene zidatuluka mu 2017 zidaonetsa kuti zigubuzo sizidachepetse chiwerengero cha anthu omwa mankhwala mwadala. Kukhoma mankhwala kumatetezabe ana aang'ono, koma sikungalowe m'malo mwa kuchotsa mankhwala akupha.

Motero FAO ndi WHO amalangiza kuti ntchito iyende motsata ndondomeko ya masitepe atatu. Loyamba ndi kuchepetsa kudalira mankhwala. Lachiwiri ndi kusankha mankhwala osaopsa kwambiri pamene kupopera sikungapeweke. Lachitatu ndilo kugwiritsa ntchito mosamala, kuphatikizapo zovala. Cholakwika chofala ndi kuyambira pa sitepe lachitatu ndi kuthera pomwepo.

Sitepe loyamba si lachilendo m'chigawo chino. Malo ofufuzira za thonje a Makoka ku Malawi, Kadoma ku Zimbabwe ndi Magoye ku Zambia akhala akuphunzitsa kuyendera munda ndi kuwerenga mazira ndi mbozi asanapopere, ndiponso kuzula ndi kuwononga mapesi a thonje ikatha nyengo yokolola. Mbozi ya ntchemberezandonda yachilendo itafika kumwera kwa Africa m'nyengo ya 2016/17, mpaka boma la Malawi kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 mwa 28 agwa m'tsoka, alimi ambiri a chimanga amene sadagwirepo sipuleya adayamba kupopera chilichonse chimene apeza. Komabe kubzala msanga, kuyendera munda kawiri pa sabata, kuphwanya mazira ndi timbozi ndi manja, ndi kusakaniza chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba zimachepetsa kufunika kwa mankhwala. Posunga chimanga, matumba osalowa mpweya monga a PICS amapha anankafumbwe popanda chiphe chilichonse.

7. Mankhwala sadziwa malire

Dziko lililonse lili ndi bungwe lake lolembetsa mankhwala, monga Pesticides Control Board ku Malawi, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2000, ndi ZEMA ku Zambia. Mu 2014 boma la Mozambique, mothandizidwa ndi FAO, lidafafaniza m'kaundula mankhwala oposa 60 amene adapezeka kuti ndi oopsa kwambiri poyerekeza ndi mmene alimi a dzikolo amawagwiritsira ntchito. Pa dziko lonse pali Pangano la Rotterdam la mu 1998, lofuna kuti dziko lidziwitsidwe ndi kuvomera mankhwala ena oopsa asanatumizidwe kumeneko, ndi Pangano la Stockholm la mu 2001, limene mu 2011 lidaika endosulfan pa mndandanda wa mankhwala oyenera kutheratu.

Koma mlimi wa ku Mchinji ndi wa ku Chipata, wa ku Dedza ndi wa ku Angonia, wa ku Mwanza ndi wa ku Zobue amagula pa misika imodzi, ndipo botolo loletsedwa mbali ino likhoza kubwera pa njinga kuchokera mbali inayo. Lebulo lake likhoza kukhala la Chipwitikizi, Chingerezi kapena Chiswahili, pamene wogula amawerenga Chichewa chokha kapena sawerenga konse.

Mitundu ya pa malebulo nayo imasiyana. WHO imagawa mankhwala m'magulu a Ia, Ib, II, III ndi U, kuyambira oopsa kopambana kufikira amene savulaza msanga akagwiritsidwa ntchito moyenera. Mayiko otsata malangizo a FAO amaika mzere wofiira pa magulu a Ia ndi Ib, wachikasu pa II, wa buluu pa III, ndi wa girini pa otsalawo. Ku Zimbabwe kudazolowereka chizindikiro cha ngodya zitatu, ndipo kumeneko oopsa kopambana ndi a mtundu wa pepo, otsatira ndi ofiira, kenaka achikasu chofiirira ndi a girini. Mlimi wozolowera kuti chofiira ndicho mapeto a ukali sangadziwe kuti pepo ndi woposa. Wophunzitsa m'Chichewa asamalenso, pakuti mawu akuti "chobiriwira" amanena buluu ndi girini yemwe. Njira yabwino ndi kunyamula malebulo enieni ndi kuloza. Afotokozenso kuti mzere wa girini sutanthauza kuti mankhwalawo alibe chiphe, ndi kuti paraquat, chlorpyrifos ndi dimethoate ali m'gulu la II koma apha anthu ochuluka.

8. Ntchito ya mlangizi

Choyamba, mlangizi asalangize mankhwala a m'magulu a Ia ndi Ib kwa mlimi wamng'ono, ndipo pa gulu la II afunefune ngati pali ena ogwira ntchito yomweyo osaopsa kwambiri. Akhale ndi mndandanda watsopano wa mankhwala ololedwa m'dziko lake, ndipo ngati dera lake lili m'malire apezenso wa dziko loyandikana nalo. Akapeza mankhwala oletsedwa kapena ogawidwa m'mabotolo opanda lebulo, adziwitse bungwe lolembetsa mankhwala kudzera kwa akuluakulu ake.

Chachiwiri, alimbikitse alimi kugula mlingo wokwanira nyengo imodzi yokha, kuti pasakhale zotsala m'nyumba. Mankhwala asungidwe m'botolo lake lenileni, pamalo okhoma, kutali ndi chakudya ndi chipinda chogona. Botolo likatha litsukuluzidwe katatu, madzi otsukuluzirawo athiridwe mu sipuleya, ndipo libooledwe kuti lisagwirenso ntchito ina. Kupopera kuchitike m'mawa kapena madzulo kopanda mphepo, wopopera atavala malaya a manja aatali, buluku lalitali kunja kwa jombo ndi chipewa, ndipo akamaliza asambe ndi sopo nachapa zovalazo pazokha. Ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asasakanize kapena kupopera.

Chachitatu, aitane amayi ndi ogulitsa zipangizo zaulimi ku maphunziro, chifukwa wogulitsa ndiye amene mlimi amamufunsa pa tsiku logula. M'madera a makontirakiti a thonje ndi fodya, akambirane ndi alangizi a makampani za mankhwala amene akuperekedwa pa ngongole.

Chachinayi, akhale tcheru pa mabanja amene ali pa mavuto aakulu, monga mbewu zikakanika kapena malonda akapanda kubweza ngongole. Munthu akamalankhula zotaya mtima, abale auzidwe kuti achotse mankhwala onse pakhomopo, asamusiye yekha, ndipo amuperekeze kwa achipatala kapena kwa munthu amene amamukhulupirira. Wopulumuka asanyozedwe, pakuti chitonzo ndicho chimachititsa mabanja ena kubisa wodwala mpaka nthawi itatha.

Chachisanu, alembe. Kope wamba ndi lokwanira: tsiku, mudzi, zaka za wodwala, mwamuna kapena mkazi, dzina la mankhwala monga lalembedwera pa lebulo, kumene adagulidwa, mbewu yake, mmene ngozi idachitikira, zizindikiro, ndi mmene zidathera. Dzina la wodwala lisalembedwe. Pa mwezi kamodzi mlangizi wa zaulimi akumane ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lomwelo kuti ayerekeze zimene aliyense walemba, chifukwa wina amadziwa botolo koma saona wodwala, pamene wina amaona wodwala koma sadziwa botolo. Nyengo yopopera isanayambe, adziwitse chipatala cha pafupi mayina a mankhwala amene afala m'deralo, kuti achipatala aonetsetse kuti atropine alipo wokwanira. Boma silingaletse mankhwala popanda umboni, ndipo Pangano la Rotterdam limalola dziko losauka kupempha kuti mankhwala amene akuvulaza alimi ake aikidwe pa mndandanda wa oopsa. Umboni wa pempho lotere umachokera m'makope onga amenewa.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa alangizi

1. Kodi ndi mankhwala asanu ati amene alimi a m'dera lililonse amagula kwambiri, ndipo ali m'magulu ati a WHO? Alipo amene angalowedwe m'malo ndi ena osaopsa kwambiri?

2. Mayi wabwera ndi mwana amene akutuluka dovu ndi thukuta, ndipo apongozi ake akuumirira kuti amwetsedwe mkaka. Mlangizi anene chiyani, ndipo achite chiyani motsatana?

3. Ndi mankhwala ati amene ali oletsedwa m'dziko limodzi koma ololedwa m'dziko loyandikana nalo, ndipo alangizi a mbali ziwirizo angadziwitsane bwanji?

Ntchito yokachita m'dera

Msonkhano wotsatira usanafike, mlangizi aliyense ayendere mabanja 20, atapempha chilolezo kwa mfumu ndi kwa eni khomo. Pa khomo lililonse alembe mankhwala amene apezeka, malo osungira, ngati ali m'botolo lake lenileni, ndi ntchito imene zigubu zotha zikugwira. Afunse bambo payekha ndi mayi payekha ngati wina pakhomopo adadwalapo m'maola 24 chipoperere mankhwala m'nyengo yathayi, ndiponso ngati adapita kuchipatala. Chiwerengero chopezekacho chiyerekezedwe ndi cha m'buku la chipatala cha deralo, ndipo zotsatira zake zitumizidwe ku ofesi ya zaulimi ndi ya zaumoyo ya boma lomwelo.